Mwala wotchedwa Zomba, ndi wina umene unatikokera ku Joni

Pakati pa Mars ndi Jupiter pali miyala yosawerengeka imene imazungulira dzuwa, ndipo umodzi mwa miyalayo dzina lake ndi Zomba. Si nthabwala ayi. M'kaundula wa akatswiri a zakuthambo unalembedwa kuti 1468 Zomba, ndipo Zomba wake ndi yemwe uja wa kwathu, wa m'tsinde mwa phiri, kumene kunali likulu la boma mpaka 1975. Kukula kwake ndi makilomita pafupifupi 7 kuchoka mbali ina kufika mbali inayo, ndipo umatha zaka zitatu ndi miyezi itatu kuti uzungulire dzuwa kamodzi. Ndi maso okha simungauone. Chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi malo amene anautulukirira: konkuno ku Joni, pachitunda choyandikana ndi Yeoville, pa 23 Julaye 1938.

Amene mumagwira ntchito m'nyumba ndi m'magadeni cha ku Cyrildene ndi ku Bez Valley mukulidziwa dera lotchedwa Observatory. Mwina mwakwerapo mtunda wake wapansi m'mamawa wa mu Juni, manja ali m'matumba, osadziwa kuti pamwamba pakepo, mumsewu wa Gill Street, pali nyumba za madenga obulungira zimene mbiri yake inafika kutali. Malowo anawakhazikitsa mu 1903 kuti aziyezerapo za nyengo, kenako ntchito inasanduka yoyang'ana thambo. Anasankha bwino. Chitundacho chili mamita pafupifupi 1,800 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo chisanu cha kuno, chomwe chimatiumitsa milomo ndi kuting'amba zidendene, chimatha miyezi popanda mtambo. Mkulu woyamba wa pamalopo, Robert Innes, ndi amene mu 1915 anatulukira Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, ngakhale kuti kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kutipeze.

Amene anapeza Zomba ndi Cyril Jackson, wobadwira ku England koma wokulira kuno. Ntchito yake inali yotopetsa kuposa mmene anthu amaganizira. Sikunali kungosuzumira mu telesikopu n'kufuula kuti ndauona. Ankajambula kachigawo ka thambo pagalasi lopakidwa mankhwala, makina akutsatira nyenyezi pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Pagalasipo nyenyezi zimatuluka timadontho. Chinthu chapafupi, choyenda pachokha, chimasiya kamzere kakafupi. Kamzereko kakapezeka pamafunika kukalondola usiku wina ndi wina, kuwerengera njira yake, ndi kutsimikiza kuti palibe anakaonapo kale. Njira ikadziwika bwino mwalawo umapatsidwa nambala, ndipo woutulukira amaloledwa kuutcha dzina. Jackson anapeza miyala 72 yotereyi.

Maina ambiri anawatenga pa mapu a Africa. Kumwambako kuli Limpopo, kuli Zambesia, Beira, Sofala, Ndola, Kariba, Mombasa, Kenya ndi Uganda. Kulinso Chaka ndi Khama, maina a mafumu. Munthu akakwera basi yopita kumudzi amawoloka Limpopo pa Beitbridge, n'kudzawoloka Zambezi pa Tete, ndipo ngati kwawo ndi ku Chinamwali kapena ku Jali amakatsikira pa Zomba. Maina atatu onsewo ali ndi miyala yake imene ikuzungulira dzuwa panopa.

Sindidzinamiza kuti Jackson ankatiganizira ife. Pamndandanda womwewo pali Rhodesia, ndipo Zomba wa nthawi imeneyo anali Zomba wa bwanamkubwa wachizungu.  Komabe Rhodesia pansi pano anatha, dzina lake linatsala kumwamba kokha, pamene Zomba alipobe ndi msika wake. Masiku ano mainawa akubweranso mwa njira ina. Siyabulela Xuza, mnyamata wa ku Mthatha amene anaphunzira sekondale kuno ku Joni, ali ndi mwala wa dzina lake, 23182 Siyaxuza, atachita bwino pampikisano wa sayansi ku America ndi mafuta a roketi amene anapanga akadali pasukulu.

Magetsi a mzinda ndi utsi ndi zimene zinagonjetsa chitunda chija. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ntchito inasamukira ku Sutherland, m'chipululu cha Karoo, komwe lero kuli telesikopu yaikulu yotchedwa SALT.

Pakati pa Amalawi a kuno, odziwa thambo kwambiri ndi alonda. Enafe timatuluka m'mamawa maso ali pa takisi, timabwerako madzulo maso ali pa thumba la foni. Mlonda ali ndi usiku wonse. Pali madala ena a ku Namwera amene amalondera bwalo la magalimoto ku Turffontein, ndipo tinatsutsanapo za Nthanda.

"Aphwanga, imene ija ndiye wotchi yanga," anatero. "Ikatuluka ndimadziwa kuti tiyi wayandikira. Kungoti ili ndi khalidwe loipa, imasowa miyezi osatsanzika."

"Madala, ikasowa m'mawa, dikirani pang'ono n'kukaifuna kumadzulo dzuwa likangolowa. Ndi yomweyo."

"Iyayi. Ya madzulo ija ndi mkazi wa mwezi. Imeneyo ndi ina."

Madalawo anaona bwino, ndipo agogo athu anaonanso bwino, kungoti anawerenga ziwiri pamene pali imodzi. Agiriki akale nawonso anayamba choncho. Ndi Venus, pulaneti lofanana kukula ndi dziko lathu. Njira yake ili m'kati mwa njira yathu, kufupi ndi dzuwa, n'chifukwa chake silitalikira dzuwa tikamaliona kuchokera pano: limatsogola dzuwa m'mawa kwa miyezi ingapo, kenako limabisika m'kuwala kwake, n'kudzatulukira madzulo likulitsatira. Zonsezi zimabwerezeka pakatha miyezi pafupifupi 19. Kuwala kwake kumachokera ku mitambo yochindikala imene inalikuta lonse, ndipo pansi pa mitamboyo kumatentha madigiri oposa 450. Madala sanagonje, koma anati ayang'anira.

Mapulaneti owala saopa magetsi a Joni. Venus, Jupiter, Mars ndi Saturn amaoneka ngakhale uli pakhonde la fulati ku Rosettenville, ndipo Mercury amaonekanso ukadziwa nthawi yake. Chizindikiro chake n'chakuti saphethira monga zichitira nyenyezi, ndipo onse amayenda m'njira imodzi ndi dzuwa ndi mwezi. Mukabwereka zoonera patali za m'manja n'kutsamiritsa zigongono pakhoma, pambali pa Jupiter mudzaona timadontho mpaka tinayi tili pamzere, ndipo mawa lake tidzakhala titasintha malo. Imeneyo ndi miyezi yake ikuluikulu, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, imene Galileo anaiona mu 1610. Saturn ndiye wanyanya: pofika mu Malichi 2025 miyezi yake yodziwika inafika 274. Zithunzi zoyamba za Mars zojambulidwa chapafupi, zimene chombo cha Mariner 4 chinatumiza mu Julaye 1965, zina zinatsikira pa dishi ya ku Hartebeesthoek, kuseri kwa Krugersdorp uko. Amene muli ndi ana, kawaonetseni nyumba yoonetsera thambo ya pa yunivesite ya Wits ku Braamfontein, imene inatsegulidwa mu 1960.

Kusukulu anatiloweza maina asanu ndi anayi, kuyambira Mercury kulekeza Pluto, tinalemba mayeso n'kukhoza. Mu 2006 msonkhano wa akatswiri ku Prague unachotsa Pluto pamndandandawo, anatsala asanu ndi atatu, ndipo anthu ena mpaka lero akadali okwiya. Ine vuto langa ndi mndandandawo ndi lina. Unatipatsa chithunzi chakuti kumwamba kuli mipira ingapo ikuluikulu ndipo pakati pake palibe kanthu. Chonsecho Jupiter ndi Neptune sanasinthepo moyo wa munthu wa ku Mzimba. Zimene zinausintha ndi zinthu zing'onozing'ono za pakatizo, zimene aphunzitsi ankazidumpha.

Miyala imeneyi, imene asayansi amaitcha ma asteroid, ndi zotsalira. Pamene mapulaneti ankaumbika zaka 4.6 biliyoni zapitazo, fumbi ndi miyala zinkagundana n'kumamatirana. Pakati pa Mars ndi Jupiter zimenezi zinakanika, chifukwa mphamvu yokoka ya Jupiter inkasokoneza miyalayo moti ikagundana inkaswana m'malo mophatikizana. Waukulu mwa yonse ndi Ceres, wa makilomita pafupifupi 940, umene unapezeka mu 1801. Yodziwika lero yaposa 1 miliyoni, koma mutaiunjika yonse pamodzi singafike ngakhale theka la kulemera kwa mwezi wathu. Jupiter sanaleke kuikoka. Nthawi ndi nthawi amapatutsa wina n'kuulowetsa m'njira za mapulaneti a m'kati. Zomba amangofika m'malire a njira ya Mars, ife satiyandikira. Ina imatipeza.

Mukatuluka mu Joni pamsewu wa N1 kulowera ku Bloemfontein, n'kupatukira ku Parys m'mphepete mwa mtsinje wa Vaal, mumaona mapiri aafupiafupi atandandalika mokhota, theka la bwalo. Ndi makilomita pafupifupi 120 kuchokera kuno, kufupi ndi katauni kotchedwa Vredefort. Mapiriwo ndi chipsera. Zaka 2 biliyoni zapitazo, dziko lisanakhale ndi mtengo kapena nsomba, mwala wa makilomita osachepera 10 unagwa pamenepo ukuthamanga makilomita oposa 10 pa sekondi imodzi. Akatswiri amayerekeza kuti dzenje limene unasiya linali la makilomita pakati pa 170 ndi 300 m'mimba mwake. Palibe dzenje lina lotsimikizika la mtunduwu lalikulu kuposa limeneli padziko lonse, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa.

Gwetsani kamwala mumphika wa phala lolimbirako: pakati pamalowa, kenako pamatumphukanso, ndipo m'mbali mumachita mizere yozungulira. Nthaka inachita zomwezo, kungoti phala lake linali thanthwe lochindikala makilomita ambiri. Pakati panatukuka, miyala ya pansi kwambiri inafika pamtunda, ndipo miyala yoyalana imene inali yogona inaimirira, ina mpaka kugadabuka. Dzenje lenilenilo linafafanizika kalekale, mvula ndi mitsinje zaperesa makilomita angapo a miyala ya pamwamba. Zimene tikuona lero ndi mizu yake. N'chifukwa chake akatswiri a miyala anatsutsana zaka zambiri, ena akuti linali phiri lophulika, mpaka zizindikiro za m'miyalamo, ming'alu imene imabwera ndi kugunda koopsa kokha, zinathetsa mkanganowo.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza. Golide wa kuno ndi wakale kuposa mwala wa ku Vredefort. Zaka pafupifupi 3 biliyoni zapitazo mitsinje inkakokolola timibulu ta golide n'kukatisiya pamodzi ndi nsangalabwi m'mphepete mwa nyanja imene inali m'dera lino. Zinaumbana n'kusanduka thanthwe, ndipo miyala ina inayalana pamwamba pake. Mwala uja utagwa, unapendeketsa miyala yoyalanayo n'kuikankhira pansi mozungulira dzenjelo, kumene madzi sakanaifikira. Akatswiri ambiri a miyala amati pakanapanda zimenezi, golide wochuluka akanakokoloka kalekale n'kumwazikira m'nyanja. Mphepete mwa miyala yopendekekayo ndi imene inatulukira pamtunda, ndipo ndi imene George Harrison anaipeza mu 1886 pafamu ya Langlaagte, chakufupi ndi Mayfair kumene abale athu ambiri amasoka zovala ndi kugulitsa m'mashopu.

Tengani mapu muone matauni a migodi: Springs, Benoni, Boksburg, Roodepoort, Randfontein, Carletonville, Klerksdorp, mpaka Welkom. Akuzungulira, ndipo Vredefort ali cha pakati. Mzere wa golide ukachoka pa Joni umatsetsereka kulowa pansi cha kummwera, ndiye migodi imautsatira, chaka ndi chaka kunkera kuya. Mgodi wa Mponeng, pafupi ndi Carletonville, wafika makilomita pafupifupi 4 pansi, ndipo thanthwe lake limatentha moti amachita kutsitsirako ayisi kuti anthu agwire ntchito. Golide amene watuluka m'dera lonseli waposa matani 40,000. Milu yachikasu imene timaiona m'mbali mwa msewu wa M2, imene fumbi lake limatilowa m'maso mu Ogasiti, ndi madeya ake.

Golide wakuya chotero safuna munthu mmodzi wa sefa pamtsinje. Amafuna ndalama zambiri ndi manja ambirimbiri otchipa. Manjawo anakawatenga ku Mozambique, ku Lesotho, ku Transkei, ndi kwathu. Wenela inalemba anthu m'maboma athu, n'chifukwa chake mpaka lero ku Blantyre timakwera basi pa Wenela. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya kuno anaposa 100,000. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula obwerera kumudzi inagwa ku Francistown, anthu oposa 70 anafa, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu. Kenako kunabwera Theba, imenenso inatha. Koma njira inali itapondedwa kale. Agogo anabwera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa, ena anatchona, ndipo zidzukulu tikubwerabe, ngakhale kuti ambirife mgodi sitinauonepo m'kati.

Sindikufuna kuusenzetsa mwalawo milandu ya anthu. Mwala sunakhazikitse msonkho wa nyumba umene unkathamangitsa amuna m'midzi kukasaka ndalama. Sunamange makomboni a amuna okhaokha, sunalembe malamulo a pasi, ndipo si umene ukuchedwetsa ndalama za madala amene akutsokomola kumudzi. Zimenezo anapanga anthu, ndipo akanatha kupanga mwina. Chimene mwalawo unachita ndi kusunga golide pamalo amodzi, mwakuya, n'kusiya kansonga poonekera. Koma popanda kansongako pano pakanakhala tchire la udzu, chifukwa Joni alibe mtsinje waukulu, alibe doko, alibe chifukwa china chokhalira pamene alipa. Ndikamva wina akunena kuti za kumwamba ndi nkhani za azungu okhuta, ndimafuna kumufunsa kuti anafika bwanji pa Park Station.

Dziko lathu lagundidwa kambirimbiri, kungoti limadziwa kubisa zipsera ndi mvula, nkhalango ndi nyanja. Mwezi sudziwa. Ulibe mpweya, ulibe mvula, ndiye dzenje likakumbika limakhala choncho mpaka kalekale. Muuyang'ane uli theka, pamalire a mbali yowala ndi ya mdima, ndi zoonera patali zomwe zija. Maenje ali mbwee, ena pamwamba pa anzawo. Mwezi uli makilomita 384,000 okha kuchokera pano, ndiye mvula ya miyala imene inagwa kumeneko inagwanso kuno.

Kwa munthu wofuna kuona ndi maso, ine ndimati Vredefort ayambe waisiya. Ndi yaikulu kwambiri, umaima pakati pake osaiona. Apite ku Tswaing, kumpoto kwa Pretoria, m'mbali mwa Soshanguve. Tinapitako ndi anzanga a kutchalitchi, ena akung'ung'udza kuti tawononga Loweruka kukaona dzenje. Umayenda m'tchire wamba, kenako nthaka imangotha, ndipo patsogolo pako pali chidzenje chobulungira, choposa pang'ono kilomita imodzi m'mimba mwake, chakuya mamita pafupifupi 100, pansi pake pali dziwe la madzi amchere. Anthu akhala akutapa mchere pamenepo kuyambira kale. Chinakumbidwa zaka pafupifupi 220,000 zapitazo ndi mwala wosapitirira mamita 50. Mayi wina wa m'gulu lathu anafunsa kuti, "Nanga mwalawo uli kuti, abambo?" Funso labwino. Palibe. Pa liwiro lotero mwala sugwa n'kukhala, umaphulika, wambiri umasungunuka n'kusanduka nthunzi, n'chifukwa chake dzenje limakula kuposa mwalawo kambirimbiri.

Ing'onoing'ono ndiyo imafika pansi yathunthu, chifukwa mpweya umaichepetsa liwiro. Ku Namibia, pafupi ndi Grootfontein, kuli chitsulo cha matani pafupifupi 60 chotchedwa Hoba, chili pomwe chinagwera. Kwathu ku Machinga kunagwa mwala wa makilogalamu 93 mu Janyuwale 1981. Zimene timati nyenyezi yathothoka, ena n'kumanong'ona za maliro kapena za ndege za usiku, kawirikawiri ndi kamchenga chabe kakupsa m'mwamba.

Chimene chasintha m'nthawi yathu ino n'chakuti anthu ayamba kuiona isanafike. Pa 2 Juni 2018 telesikopu ina ku Arizona inaona kamwala ka mamita awiri kapena kucheperapo kakubwera. Patangotha maola pafupifupi asanu ndi atatu kanaphulikira pamwamba pa Botswana, ndipo kamera ya pafamu ina m'chigawo cha North West kuno ku South Africa inajambula moto wake. Zidutswa zake anakazitola ku Central Kalahari, ndipo ataziyeza anapeza kuti zikuoneka kuti zinachokera ku Vesta, umodzi wa miyala ikuluikulu ya pakati pa Mars ndi Jupiter. Si yonse imaoneka. Wa ku Chelyabinsk ku Russia, mu Febuluwale 2013, unali wa mamita pafupifupi 20 ndipo unachokera mbali ya dzuwa osaonedwa ndi aliyense. Anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri ndi magalasi a mawindo. Mu Sepitembala 2022 bungwe la NASA linawombetsa dala chombo cha DART pa kamwezi kotchedwa Dimorphos, kamene kamazungulira mwala wina waukulupo, ndipo nthawi yake yozungulira inafupika ndi mphindi zoposa 30. Ndalama zimenezo ine sindidandaula nazo.

Lachisanu pa 13 Epulo 2029 mwala wotchedwa Apophis, wa mamita pafupifupi 340, udzadutsa makilomita 32,000 okha pamwamba pa dziko, m'munsi mwa masetilaiti amene amatipatsa TV. Anawerengera kale, sudzatigunda. Udzaoneka ndi maso, kadontho koyenda pang'onopang'ono pakati pa nyenyezi, ndipo Africa ndi limodzi mwa madera amene adzakhale mumdima pa nthawi yake. Suwala kufika pa Venus kapena Jupiter, ndiye wa ku Hillbrow adzafunika kutuluka m'tauni, kulowera cha ku Magaliesberg. Wa kumudzi ku Namwera, Mulungu akalola mitambo ya kumapeto kwa dzinja itapatuka, adzangotuluka pabwalo.